A.F. Barron: wamalonda wa fodya yemwe anakuza tauni ya Lilongwe

Anthu ambiri omwe amayenda mu Area 3 mumzinda wa Lilongwe amadutsa mumsewu wotchedwa Barron Avenue, koma ndi ochepa omwe amamudziwa mwini dzinali. A A.F. Barron anali mlimi komanso wamalonda wachizungu yemwe kumayambiriro a zaka za m'ma 1920 anayambitsa ulimi wa fodya wogulitsa m'midzi ya kumadzulo kwa boma la Lilongwe. Pa nthawiyo Lilongwe analibe meya ngakhale khonsolo ya mzinda. Mpando waudindo womwe iwo anakhalapo unali wa m'bungwe la boma loyang'anira fodya, ndipo mfundo zomwe bungwelo linkamanga zinkafika pakhomo la mlimi aliyense m'madera a Kabudula, Nsaru, Namitete, Mpingu ndi Nambuma.

Kubwera kwawo ku Mbabzi

A Barron asanabwere m'chigawo chapakati ankalima fodya m'dera la Zomba. M'masiku amenewo ulimi wa fodya wotumiza kunja unali m'manja mwa azungu a maesiteti a m'chigawo chakummwera, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inali itatsegula kale fakitale yake ku Limbe m'chaka cha 1908. M'chaka cha 1919 boma la Britain linatsitsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko omwe linkawalamulira, zomwe zinachititsa kuti fodya wa ku Nyasaland ayambe kufunidwa kwambiri pamsika wa ku Britain.

Poona mwayiwu, m'chaka cha 1920 a Barron pamodzi ndi mnzawo R.W. Wallace anabwereka malo kuboma la atsamunda m'chigwa cha Lilongwe, ndipo esiteti ya Mbabzi ndiyo inadzadziwika kwambiri ndi dzina la a Barron. Chomwe chinawakopa chinali nthaka yachonde ya katondo, mitengo yambiri yowambira fodya komanso midzi ya Achewa yodzala ndi anthu odziwa kale khasu. Lilongwe weniweniyo anali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje, kokhala ndi ofesi ya bwanamkubwa wa boma ndi masitolo ochepa a amwenye.

Njira yawo yochitira malonda

Chomwe chinawasiyanitsa a Barron ndi azungu anzawo n'chakuti sanadalire munda wa esiteti wokha. Iwo anayamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa anthu a m'midzi yozungulira kuti azilima m'minda yawoyawo. Ankatumiza akapitawo kukaphunzitsa alimi kufesa nazale, kuwokera, kudula nsonga, kuthyola ndi kuwamba fodya ndi utsi m'zigafa. Fodya akauma, alimiwo ankamugulitsa kwa a Barron, omwe ankamusankha, kumumanga m'mabelo ndi kumutumiza kummwera.

Njirayi inali yopindulitsa kwa wogula chifukwa ntchito yonse ya kumunda inkagwiridwa ndi banja la mlimi popanda malipiro a pamwezi, ndipo mvula ikavuta wotaya kwambiri anali mlimi yemweyo. Komabe alimi anailandira ndi manja awiri. Msonkho wa nyumba unkafunika chaka ndi chaka, ndipo kufikira nthawiyo amuna ambiri ankaupeza popita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Fodya anawapatsa mwayi wopeza ndalama ya msonkho, nsalu, mchere ngakhalenso njinga ali pakhomo pawo.

M'zaka zochepa chabe alimi a fodya m'maboma a Lilongwe ndi Dowa anachoka pa mazana n'kufika pa zikwi zambirimbiri. Ogula ena, kuphatikizapo a Ignaco Conforzi a ku Thyolo, nawo anakhamukira m'chigawochi, ndipo mpikisano wolimbirana fodya wa alimi unakula.

Mpando wa m'bungwe la fodya

Mpikisanowu sunawasangalatse a Barron ndi eni maesiteti anzawo. Iwo ankadandaula kuti ogula ongobwera kumene, omwe sanagawe mbewu kapena kulipira akapitawo, ankagula fodya yemwe ena anamuvutikira, komanso kuti fodya wosawambidwa bwino ankaipitsa mbiri ya dziko pamsika wakunja. Boma la atsamunda linamva madandaulowo ndipo m'chaka cha 1926 linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. A Barron anali mmodzi mwa mamembala a bungweli, ndipo mawu awo ankamveka kwambiri.

Bungweli linkalemba alimi onse m'kaundula, linalemba ntchito alangizi, linakhazikitsa misika yovomerezeka ndipo linkadula ndalama pa fodya aliyense wogulitsidwa kuti lizilipirira ntchito zake. Mbali ina ya ntchitoyi inathandizadi kuti fodya akhale wabwino. Koma mitengo itagwa padziko lonse kuyambira m'chaka cha 1929, bungweli linayamba kuchepetsa chiwerengero cha alimi, kukula kwa minda yawo komanso misika yogulitsirako. Mlimi wokhala kutali ndi msika ankayenda mtunda wautali atasenza fodya pamutu, ndipo akafika analibe mphamvu yokana mtengo womwe wapatsidwa.

Apa ndi pomwe akatswiri a mbiri yakale, monga malemu John McCracken, anaona vuto lalikulu. Ena mwa omwe ankamanga malamulo oletsa mlimi wa m'mudzi kulima fodya wambiri anali eni maesiteti omwe ankafuna antchito. Mlimi yemwe wachotsedwa m'kaundula, kapena yemwe msika wamutalikira, ankakalowa utenanti pa esiteti. Kumeneko ankapatsidwa malo, mbewu ndi chakudya pangongole, n'kumagulitsa fodya wake yense kwa mwini esiteti yekhayo. Maesiteti a a Barron anali m'gulu la omwe anakula ndi dongosolo la matenantili. M'chaka cha 1937 mitengo inatsikiratu moti alimi a ku Lilongwe anaonetsa mkwiyo wawo poyera m'misika ndipo ambiri anayamba asiya kulima fodya. Chaka chotsatira, 1938, malonda a fodya a okushoni anayamba ku Limbe.

Momwe fodya anakuzira tauni

Ngakhale panali mavutowa, pofika m'chaka cha 1935 pafupifupi magawo 70 mwa magawo 100 aliwonse a fodya wa dziko lino ankachokera m'chigawo chapakati, komwe alimi olembetsedwa anali pafupifupi 30,000. Ndalama ya fodyayi ndiyo inasintha Lilongwe. Kampani ya Imperial Tobacco inatsegula malo ake m'tauniyi, masitolo anachuluka, malole onyamula mabelo anafuna misewu ndi milatho yodalirika, ndipo njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935 ulendo wa fodya wopita ku Limbe unafupika.

M'chaka cha 1947 Lilongwe anavomerezedwa kukhala tauni. Kalembera wa m'chaka cha 1966 anapeza anthu opitirira pang'ono 19,000 m'tauniyi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, chiwerengerochi chinakwera mofulumira kufika pafupifupi 99,000 m'chaka cha 1977, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000. Kusamuka kwa likulu ndiko kunapanga mzinda womwe lero uli ndi meya ndi makhansala, koma tauni yomwe likululo linaipeza inali itamangidwa kale ndi thukuta la alimi a fodya a m'midzi yozungulira.

Zomwe anasiya

Bungwe lomwe a Barron anakhalamo linasintha maina kangapo. M'chaka cha 1956 linaphatikizidwa ndi mabungwe a thonje ndi mbewu zina kukhala Agricultural Production and Marketing Board, m'chaka cha 1962 linatchedwa Farmers Marketing Board, ndipo m'chaka cha 1971 m'malo mwake munalowa ADMARC. Kwa zaka zambiri dziko litalandira ufulu, fodya wa bale ankaloledwa kulimidwa m'maesiteti mokha, ndipo alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kumulima kuyambira m'chaka cha 1990. Lero mabelo ochokera ku Nsaru ndi ku Kabudula amagulitsidwa ku Kanengo, ndipo ambiri mwa iwo amalimidwa pa mgwirizano womwe kampani imapereka zipangizo pangongole n'kudzagula fodyayo. Dongosololi silikusiyana kwenikweni ndi lomwe linayambira ku Mbabzi zaka 100 zapitazo.

Mbiri ya a Barron ili ndi mbali ziwiri zomwe sizingalekanitsidwe. Iwo anaona mwayi pomwe ena sanauone, anaika chuma chawo m'dera lomwe linalibe misewu yabwino, ndipo anatsegulira mabanja zikwizikwi njira yopezera ndalama. Koma atakhala pampando wa bungwe la boma, ankaweruza nawo nkhani za malonda omwe iwo eni anali nawo phindu, pomwe alimi omwe ankadulidwa ndalama zoyendetsera bungwelo analibe mlimi mnzawo wowayankhulira m'menemo. Vuto lotere ndi lomwe lamulo la m'chaka cha 2013, lolamula akuluakulu a boma, aphungu, makhansala ndi akuluakulu a mabungwe a boma kuulula katundu, ngongole ndi mabizinesi awo, likufuna kupewa. Kwa ogwira ntchito m'boma omwe amakonza ndondomeko za ulimi ndi misika, funso lomwe alimi a ku Lilongwe anali nalo m'chaka cha 1937 likadali lofunika kuliyankha: kodi yemwe akuika mtengo ndi malamulo a msika akuimira ndani?