Fuko la kachilombo m'manthongo a galu

Galu wodwala distemper amayamba ndi kutentha thupi, manthongo achikasu omata maso, mamina okhuthala ndi chifuwa, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kwa agalu ena kachilombo ka matendawa kamakafika ku ubongo. Nsagwada zimagwedera zokha, miyendo imanjenjemera, galu amagwa khunyu, ndipo khungu la kunsi kwa mapazi limauma gwa. Apa ambiri amangoti ndi chiwewe n'kuyamba kutola miyala. Komatu kachilomboka n'kena. Ndi ka gulu la Morbillivirus, mbale wake wa chikuku ndiponso wa rinderpest, mliri wa ng'ombe umene unalengezedwa kuti watheratu padziko lonse mu 2011.

Kalondolondo wa matendawa amayambira pa kathonje ka pamtengo, kamene madokotala a ziweto amati swab. Amapukuta nako m'diso, m'mphuno kapena kotulukira chimbudzi, wina atagwira galuyo ndi ukonde. Vuto limayambira pomwepo, chifukwa chibadwa cha kachilomboka chinalembedwa mu RNA, ndipo RNA sichedwa kuwonongeka pakatentha. N'chifukwa chake kathonjeko amakaika m'bokosi lozizira, apo ayi amakapaka pa khadi la FTA limene limasunga chibadwacho popanda firiji.

Pali mayeso awiri amene anthu amakonda kuwasokoneza. Kuyeza asilikali a m'magazi kumangotiuza kuti galuyo anakumanapo ndi kachilomboka, kaya chaka chatha kaya kudzera m'katemera. RT-PCR imafufuza kachilombo kenikeniko: imasandutsa RNA kukhala DNA n'kuichulukitsa mpaka ioneke. Nayonso ili ndi msampha wake. Katemera wofala wa distemper amapangidwa ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, choncho galu wobayidwa posachedwa angathe kuoneka ngati wodwala. Chimene chimathetsa mkanganowu ndi kuwerenga ndondomeko ya zilembo za chibadwacho, zimene zilipo pafupifupi 15,700. Kale izi zinkafuna labotale yayikulu ya mumzinda. Lero kachipangizo ka MinION kamakwana m'dzanja ndipo kamalumikizidwa pa laputopu.

Ofufuza ambiri amathamangira jini ya H. Imeneyi ndiyo imapanga puloteni ya hemagglutinin, imene kachilomboka kamagwirira pa maselo a nyama, ndipo ndi jini imene imasinthasintha kuposa zinzake. Poyerekeza kusiyanako amagawa tizilomboti m'mafuko okhala ndi mayina a malo: America-1, Asia-1, Arctic, Africa-1 la ku South Africa, Africa-2 la kum'mawa kwa Africa, ndi ena. Mayinawa asakupusitseni. Katemera wotchuka wa Onderstepoort anapangidwira ku South Africa m'zaka za m'ma 1950, koma fuko lake ndi America-1.

Mawu amene amavutitsa kwambiri ndi akuti nkhokwe ya matenda, kutanthauza gulu la nyama limene kachilombo kamakhazikikamo osatha, n'kumadumphira kwa nyama zina. Mu 1994 distemper inapha mikango pafupifupi 1,000 ku Serengeti m'dziko la Tanzania, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya kumeneko, n'kuolokera ku Maasai Mara ku Kenya. Zala zonse zinaloza agalu a m'midzi yozungulira, ndipo anayamba kuwapatsa katemera. Patapita zaka, magazi amene ankasonkhanitsidwa chaka ndi chaka anasonyeza kuti mikango inkatengabe kachilomboka pa nyengo zosagwirizana ndi miliri ya agalu. Chibadwa cha kachilombo ka mwa mikango ndi afisi a mu mliri uja chinapezekanso kuti n'chosiyanako ndi cha mwa agalu. Mwachionekere nyama zingapo zakutchire zimapatsirana zokhazokha. Mtengo wa mafuko umene kompyuta imajambula umasonyeza tizilombo tapachibale, koma paokha sunena kuti anapatsira mnzake ndani. Amene amauwerenga ngati chigamulo cha mlandu amathamangira kupha agalu osokera, zimene ine sindiona phindu lake, popeza ana agalu opanda chitetezo sachedwa kudzaza malowo ndipo ndiwo amene mliri umayakira.

Nanga galu wosokera ndi uti? M'matauni ndi m'midzi yambiri ya mu Africa, galu amene mumamuona pa dzala masana amakhala ndi khomo limene amagona usiku. Akatswiri amasiyanitsa galu woyendayenda wokhala ndi mwini wake, galu wa mudzi wonse amene aliyense amamuponyera mkute, ndi galu wolowerera amene sayandikira munthu. Kusiyanaku kumakhudza zotsatira za kafukufuku. Wogwirika mosavuta ndi wozolowera anthu uja, amene mwana amabwera naye pachingwe tsiku la katemera wa chiwewe. Wolowerera, amene amafika m'malire a nkhalango n'kulimbirana nyama yakufa ndi nkhandwe, kathonje kake sikapezeka kawirikawiri m'bokosi lozizira, ndipo kachilombo kake kamasowanso pa mtengo wa mafuko.