Thangata la Solomoni ndi Kugawanika kwa Israeli

Solomoni atamwalira cha m'ma 930 BC, ufumu wake unang'ambika pakati chifukwa cha thangata. Buku Loyamba la Mafumu limasimba kuti amuna 30,000 ankatumizidwa mosinthana ku Lebanoni kukadula mikungudza. Mafuko akumpoto atasonkhana ku Sekemu, anapempha Rehobowamu, mwana wa Solomoni, kuti awapeputsire goli. Iye ananyoza uphungu wa akuluakulu natsata wa anyamata anzake. Kenaka, mopanda nzeru ndithu, anawatumizira Adoramu, kapitawo wa thangata lomwelo. Anamponya miyala, nafa.

Yerobowamu, amene mafukowo anamulonga ufumu, nayenso adayang'anirapo thangatalo. Poopa kuti opita kukapembedza ku Yerusalemu angabwerere kwa Rehobowamu, anaimika ana a ng'ombe agolide ku Beteli ndi ku Dani. Alembi a ku Yuda sanamukhululukire.