Mapoto a ku Santiago

Senderani kuno adzukulu, ndikuuzeni za mapoto a ku Chile, dziko lowonda ngati nsungwi, lopanikizika pakati pa mapiri a Andes ndi nyanja.

Mu 1970 anthu kumeneko adasankha dokotala wina, Salvador Allende, kukhala pulezidenti. Iyeyu ankati mwana wa mmphawi ndi wa bwana n'chimodzimodzi. Adalamula kuti mwana aliyense azilandira theka la lita ya mkaka patsiku, nalanda migodi ya kopa m'manja mwa makampani a ku America. Koma katundu adayamba kusowa m'masitolo, mizere n'kumatalika. Mu Disembala 1971 amayi, ambiri a kumayadi, adatuluka m'misewu ya Santiago akumenya mapoto opanda kanthu. Ena adawayamikira. Ena ankangoseka, amvekere mapoto amenewo sadagonepo ndi njala.

Pa 11 Seputembala 1973 ndege zankhondo zidaphulitsa La Moneda, nyumba ya boma, Allende n'kufera momwemo. Mkulu wa asilikali, Augusto Pinochet, adatenga dziko. Bwalo lalikulu la mpira adalisandutsa ndende. Anthu oposa 3,000 adaphedwa kapena kungosowa, popanda ndi manda omwe. Kumeneko kuli gule wotchedwa cueca, wovina awiri, mwamuna ndi mkazi, aliyense akukupiza kampango m'mwamba. Akazi a anthu osowawo adayamba kumuvina okhaokha, chithunzi cha mwamuna atachimata pachifuwa. Phazi likuponda, mpango ukuzungulira, kutsogolo kulibe munthu. Ine nkhani imeneyi imandiuma pakhosi mpaka lero.

Mu 1983 mapoto adaliranso usiku, ulendo uno mpaka m'makomboni, kulirira Pinochet kuti achoke.

Tsono mu 1988 kudabwera referendamu: Inde apitirize, kapena Ayi. Mbali iliyonse idapatsidwa mphindi 15 pa wailesi yakanema usiku uliwonse. Ife amene tidasankhapo pakati pa nyali ndi tambala wakuda mu 1993 tikudziwa mmene mtima umagundira pamzere wotero. Pa 5 Okutobala a Ayi adapambana ndi mavoti 56 pa 100 alionse.

Koma musaiwale 44 otsalawo. Si onse adachita kuopsezedwa ayi. Ambiri ankanenetsa kuti mkuluyo adabweretsa bata ndi kuthetsa mizere, ndipo za osowawo ankati n'zokokomeza. Pinochet adatula pansi upulezidenti mu 1990 koma adakhalabe mkulu wa asilikali mpaka 1998. Chaka chomwecho adamugwira ku London, kenako n'kumubweza kwawo ati wadwala. Adamwalira mu 2006 khoti lisadamugamule mlandu ndi umodzi womwe. Tsiku limenelo ku Santiago ena ankalira pakhomo pa chipatala, ena akuvina mumsewu.