Phiri la Kilimanjaro ndi Amene Analikwera

M'dziko la Tanzania, pafupi ndi malire a Kenya, muli phiri lalitali koposa mapiri onse a mu Africa, dzina lace Kilimanjaro. Msinkhu wace ndi mapazi 19,341, ndiwo mamita 5,895, kuyambira pa nyanja ya mcere. Phirili laima lokha pakati pa cigwa, ndipo lili ndi mitu itatu: Kibo, Mawenzi ndi Shira. Kale lomwe mitu yonseyi inali kulabvula moto. Kibo ndiye wamkulu ndi wosalala, koma Mawenzi ndi wa mano-mano ngati cipeso cothyoka. Acaga, eni ace a dzikolo, amasimba kuti Mawenzi anali kudzapala moto kwa Kibo kawiri-kawiri nadya zakudya zace, kufikira Kibo anakwiya namkantha ndi munsi. Ndico cifukwa cace mutu wa Mawenzi uli wophwanyika.

Munthu wokwera amayamba kupyola minda ya nthoci ndi khofi, imene Acaga amathirira ndi ngalande zocokera ku mitsinje ya m'phiri. Pamwamba pa minda pali nkhalango ya mvula, ndipo pamwamba pa nkhalango pali zitsamba zazifupi, kenaka miyala ndi mcenga wokha-wokha. Kumeneko mpweya ndi wocepa; mutu umawawa, miyendo imalemera, ndipo munthu amapuma wefu-wefu angakhale akuyenda pang'ono-pang'ono.

Mzungu woyamba kuona cipale cofewa ca pa Kibo anali Johannes Rebmann, Mjeremani wa mishoni ya C.M.S. ku Rabai, pa 11 May 1848. Ife a Cinyanja tiyenera kumdziwa munthu ameneyu, pakuti ndiye analemba buku la mau a cinenero cathu mothandizidwa ndi Salimini, kapolo wocokera ku Ucewa amene anakomana naye ku Mombasa. Bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1877. Tsono mbiri ya cipale itafika ku London, katswiri wina wa mapu, William Desborough Cooley, anaikana kwa mtu wa galu, nati cipale sicingakhale m'dziko lotentha cotero. Iyeyo anali asanaponde ku dzikolo, komabe anthu ambiri anambvomera iye koposa mwini maso.

M'caka ca 1861 Baron von der Decken anayesa kukwera pamodzi ndi Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene Livingstone adamcotsa nchito pa ulendo wa Zambezi. Mvula inawabweza akali m'nkhalango, koma anacitira umboni kuti Rebmann sananame. Thornton anabwereranso kwa Livingstone, namwalira pafupi ndi mtsinje wa Shire m'caka ca 1863. M'caka ca 1871 Charles New, wa mishoni nayenso, anafika pamene cipale ciyambira.

Amene anatsiriza nchitoyi ndi Hans Meyer wa ku Leipzig. Ulendo woyamba, m'1887, anapeza khoma la madzi oundana ndipo analibe zida zokwerera. Ulendo waciwiri, m'1888, sanafike ndi ku phiri komwe, cifukwa anthu a Abushiri, amene anali kumenyana ndi Ajeremani, anamgwira, ndipo anacita kumuombola ndi ndalama. Ulendo wacitatu anatenga Ludwig Purtscheller, mphunzitsi wa ku Austria wozolowera mapiri a kwao. Mfumu Marealle ya ku Marangu inawalandira, ndipo anamanga misasa motsatana kukwera nayo phiri, kuti cakudya cidzifika osatsikanso pansi. Anasema makwerero m'madzi oundana ndi nkhwangwa, ndipo pa 6 October 1889 anaima pa nsonga yeni-yeni. Meyer anaicha nsongayo dzina la Kaiser Wilhelm, natenga mwala wa pamenepo kukapatsa mfumu yaceyo. Nsonga yaitali ya Mawenzi inadikira kufikira 1912, pamene Fritz Klute ndi Eduard Oehler anaikwera.

Mabuku ambiri amalekeza pa maina awiriwo, koma ine ndiona kuti wacitatu asaiwalike. Ku msasa wapamwamba, kumene amtengatenga ena sanagone cifukwa ca cisanu, kunatsala Mwini Amani wa ku Pangani, munthu wobadwira ku gombe lotentha. Iye ndiye anali kufuna nkhuni ndi madzi, kusonkha moto ndi kuphika, masiku onse amene Azunguwo anali kukwera ndi kutsika. Pakadapanda moto wace, kaya akadatha bwanji kubwereza. Meyer mwini anamchula ndi kumtama m'buku lace. Ku Marangu amachulanso Yohani Kinyala Lauwo, amene anamwalira m'1996, kuti ndiye anatsogolera ulendowo. Koma ofufuza ambiri amakayika, pakuti kuti zaka zigwirizane ayenera kuti anafa ali ndi zaka zoposa 120.

Pali nthano ina yoti Mfumukazi Victoria anapatsa mdzukulu wace Wilhelm phirili ngati mphatso ya tsiku lobadwa. Imeneyo ndi nkhambakamwa cabe. Malirewo anacokera m'pangano la Angelezi ndi Ajeremani la m'caka ca 1886, Wilhelm asanalowe ufumu, ndipo Acaga sanafunsidwe kanthu.

Pamene Tanganyika analandira ufulu pa 9 December 1961, msilikali wina, Lieutenant Alexander Nyirenda, anatumidwa kukwera Kibo ndi muuni ndi mbendera yatsopano. Owerenga a ku Lundazi aona okha kuti mfunda umenewo si wacilendo. Pambuyo pace dzina la Kaiser linacotsedwa, ndipo nsongayo inachedwa Uhuru, ndiko kuti Ufulu m'Ciswahili. M'caka ca 1973 phirili linakhala malo osungidwa ndi Boma, ndipo tsopano alendo ambiri-mbiri amalikwera caka ndi caka, akatundu ao ali pa mitu ya anyamata a m'midzi ya m'tsinde.

Cipale cimene Cooley anacikana cikutha. Akatswiri amene anayerekeza mapu a 1912 ndi zithunzi za 2007 anapeza kuti pa magawo 100 a madzi oundana a pa Kibo, magawo 85 anali atasungunuka. Njira imene Meyer ndi Purtscheller anasema ndi nkhwangwa siifunikanso: wokwera wa lero wodzera ku Marangu amafika pa mlomo wa Kibo akuponda miyala ndi phulusa.