Zilango za opalamula mlandu wa cipululutso ca ku Rwanda

Pakati pa mwezi wa Epulo ndi Julayi m'caka ca 1994, anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'dziko la Rwanda. Ambiri a iwo anali a mtundu wa Atutsi. Opalamula anazengedwa m'mabwalo a mitundu itatu: la bungwe la United Nations, makhoti a boma la Rwanda, ndi mabwalo a m'midzi ochedwa Gacaca.

Bwalo la ku Arusha

United Nations inakhazikitsa bwalo lake mu Novembala 1994, ndipo linakhala mu mzinda wa Arusha ku Tanzania. Nchito yake inali kuzenga atsogoleri. Linaimba mlandu anthu 93 ndi kumasula 14 asanatsekedwe mu Disembala 2015. Linalibe mphamvu yopereka cilango ca imfa.

Woyamba kupezeka wolakwa pa mlandu wa cipululutso atazengedwa anali Jean-Paul Akayesu, yemwe anali meya wa dera la Taba. Iye anagwidwa muno m'Zambia mu Okutobala 1995, ndipo mu 1998 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Pa mlandu umenewu oweruza anagamula kuti kugwirira akazi kungakhale mbali ya cipululutso. Caka comweco Jean Kambanda, yemwe anali nduna yaikulu, anavomera mlandu nalandira cilango cofananaco. Popeza bwaloli linalibe ndende ya akaidi ogamulidwa, ambiri anatumizidwa ku Mali ndi ku Benin.

Mabwalo a m'dziko

Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1990, ndende za ku Rwanda zinali ndi anthu oposa 120,000, ambiri osazengedwa. Mu Epulo 1998 boma linawombera poyera anthu 22 ogamulidwa kuphedwa, koma mu 2007 linathetsa cilango ca imfa.

Pofuna kucepetsa milandu, boma linautsa mwambo wa Gacaca, woweruza pa bwalo anthu onse a m'mudzi akumva. Oweruza anali anthu wamba osankhidwa ndi anzawo. Mabwalo oposa 12,000 anamva milandu pafupifupi 2 miliyoni asanatsekedwe mu Juni 2012.

Kubwezera akaidi kumudzi

Wovomera mlandu, woulula anzake ndi kupepesa anali kucepetseredwa cilango. Kuyambira mu 2005, ambiri otere anamalizira zaka zawo kunja kwa ndende, akukonza misewu ndi kumanga nyumba za opulumuka. Omasulidwa mu 2003 anayamba apita ku misasa yochedwa ingando kukaphunzira za kukhalirana asanabwerere kwawo.

Njirazi zinadzudzulidwanso. Ozengedwa ku Gacaca analibe maloya, ndipo mboni zina zinaopsezedwa kapena kuphedwa. Milandu ya asilikali a RPF, gulu lomwe linatenga boma, sinaloledwe m'mabwalowo. Opulumuka anadandaula kuti kupepesa kwina kunali kwa pakamwa cabe, ndi kuti atsogoleri ena ogamulidwa ku Arusha anatulutsidwa zaka zawo zisanathe, pamene amasiye ambiri sanalandire cipepeso ciliconse.