Pączki ndi Faworki: Zokazinga za Nyengo ya Chikondwerero ku Poland

Pączki ndi faworki ndi zakudya zokazinga za ufa wa tirigu zomwe anthu a ku Poland amadya kwambiri m'nyengo ya chikondwerero yotchedwa karnawał, kuyambira pa 6 Januwale kufikira Lachitatu la Phulusa. Tsiku lake lenileni ndi Tłusty Czwartek, Lachinayi lomaliza Lenti isanayambe, lomwe limabwera kutatsala masiku 52 kuti Pasaka ifike. Mwambowu unabadwa ndi kusala kudya kwa Akatolika: mafuta a nkhumba, mazira ndi batala zinkayenera kutha m'nyumba masiku odzimana asanafike.

Pączki amafanana ndi mandasi obulungira, koma ufa wake ndi wonona kwambiri. Amaukanda ndi yisiti, mkaka, batala, shuga ndi mbali yachikasu ya mazira ambiri, n'kudonthezamo mowa waukali pang'ono, omwe ophika amati umaletsa mafuta kulowerera m'kati. Ufawo ukafufuma, amauumba timibulu n'kukazinga m'mafuta ambiri, ndipo osunga mwambo amagwiritsabe ntchito mafuta a nkhumba. M'kati amaikamo jamu, makamaka wa maluwa a rozi kapena wa maplamu, pamwamba n'kupakapo shuga wosungunula ndi timakoko ta malalanje. Luso lagona poti chinthu chosambira m'mafuta chituluke chopepuka. Chikaphikidwa bwino chimakhala ndi kamzere koyera m'chiuno, pomwe mafuta sanafikepo.

Kale sizinali choncho. Pączki oyambirira ankakhala olimba, ndipo m'kati ankaikamo mafuta a nkhumba. Wansembe Jędrzej Kitowicz, yemwe analemba za makhalidwe a m'nthawi ya Mfumu August III wa ku Poland, ananena kuti akalewo ukamugenda nawo munthu akanatha kumutupitsa diso, pomwe a m'masiku ake anali atayamba kale kupepuka.

Faworki, omwe ena amawatcha chrust, alibe yisiti. Ufa wake amaumenya ndi mtengo kuti mulowe mpweya, n'kuusalaza mpaka upyapyale. Kenako amaudula timizere, kuboola pakati, kulowetsa nsonga imodzi pabowopo kuti upotoke, n'kukazinga kanthawi kochepa. Amawazapo shuga wosalala ngati ufa, ndipo amaphwanyika ukangoluma.

Pa Tłusty Czwartek mizere ya ogula imayamba m'mamawa. Ku Warsaw, sitolo ina yotchuka ndi ya Blikle ya pamsewu wa Nowy Świat, yomwe inatsegulidwa mu 1869. Pali chikhulupiriro choti amene sadya pączki ngakhale limodzi patsikuli zinthu sizimuyendera bwino chaka chimenecho. Anthu a ku Poland amene anasamukira ku America anapita nawo mwambowu, koma ku Chicago ndi ku Hamtramck, pafupi ndi Detroit, ambiri amadya pączki Lachiwiri loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa.