Zipangizo za UV pomanga nyambo za nthenga

Asodzi amene amawedza ndi nyambo zopanga za nthenga ndi ulusi amapeza m'masitolo zipangizo zambiri zolembedwa kuti UV. Ogulitsa amanena kuti nsomba zimaona nyambo zotere mosavuta. Koma zilembo ziwirizi zimalembedwa pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo msodzi wosadziwa kusiyana kwake angataye ndalama pacabe.

Nyambo ya nthenga

Luso lomanga nyambo zimenezi, limene pa Cingerezi limachedwa fly tying, ndi lakale kwambiri. Ca m'ma 200 AD, wolemba mabuku wa ku Roma dzina lake Aelian anafotokoza za asodzi a ku Macedonia amene anali kukulunga ubweya wofiira pa mbedza ndi kumangirirapo nthenga ziwiri za tambala. Colinga cikadali comweco mpaka lero: kupanga kanthu kofanana ndi kacilombo ka m'madzi kapena kansomba kakang'ono. Lusoli linakula kwambiri ku Britain ndi ku America, makamaka pakati pa owedza nsomba za trout ndi salmon.

Kuwala kwa UV

UV ndi cidule ca ultraviolet, kuwala kumene diso la munthu silikuona. Kunatulukiridwa mu 1801 ndi katswiri wa ku Germany, Johann Wilhelm Ritter. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kutalika kwa mafundewo kumayezedwa m'mananomita. Munthu amaona kuyambira pa mananomita pafupifupi 400 mpaka 700, ndiyo mitundu ya utawaleza. Mafunde a UV ndi aafupi kuposa pamenepo. Mbali yaikulu ya UV imene imafika pansi pano kucokera ku dzuwa ndi ya mananomita 315 mpaka 400.

Zinthu zitatu za dzina limodzi

Coyamba ndi ulusi, ubweya ndi nthenga zonyikidwa mu utoto wa fluorescent. Utotowu umamwa kuwala kwa mafunde aafupi, monga UV ndi kuwala kwa buluu, n'kukutulutsanso mu mtundu woonekera ndi maso, monga wa lalanje, wa cikasu kapena wobiriwira. Ndiye cifukwa cake umaoneka ngati ukuyaka. Dzina la mcitidwewu linaperekedwa ndi George Stokes mu 1852. Omanga nyambo amakonda kuika kadontho kamodzi ka ulusi wotere pamutu kapena kumcira kwa nyambo.

Caciwiri ndi zipangizo zimene zimangobweza kuwala kwa UV monga mmene kunabwerera. Munthu sangaone kuwala kobwezedwako, conco sangadziwe ndi maso ngati zimene zalembedwa pa paketi ndi zoona. Pamafunika kamera yapadera. Nthenga zina zoyera za mbalame zimabweza UV mwacibadwa.

Cacitatu ndi guluu wochedwa UV resin. Iye sakhudzana ndi maso a nsomba. Ndi guluu wamadzimadzi amene amauma m'masekondi ocepa akaunikidwa ndi toci ya UV. Amalimbitsa mutu ndi thupi la nyambo, ndipo walowa m'malo mwa epoxy, amene amafuna kusakaniza mankhwala awiri ndi kudikira kuti aume.

Pali njira yapafupi yosiyanitsira. Nyambo ikaunikidwa ndi toci ya UV mu mdima n'kuyaka, ndiye kuti ili ndi utoto wa fluorescent. Kuyakako si umboni wakuti imabweza UV.

Kodi nsomba zimaona UV?

Mu 1987, akatswiri awiri, J. K. Bowmaker ndi Y. W. Kunz, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa maso a brown trout. Anapeza kuti nsomba za caka cimodzi zinali ndi maselo ozindikira UV wa mananomita pafupifupi 355, koma mu nsomba za zaka ziwiri maselowo sanapezeke. Kafukufuku wina anaonetsa kuti tiana ta rainbow trout timathandizidwa ndi UV posaka tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Nsomba ikakula n'kuyamba kudya zinthu zikuluzikulu, ambiri mwa maselowa amatha kapena amasintha nchito.

Akatswiri ena apeza kuti maselo ocepa amatsala pa mbali ina ya diso, conco mtsutso ukalipo. Buku la Reed Curry la mu 2009, The New Scientific Angling, linalimbikitsa maganizo akuti UV ndi wofunika powedza trout, koma otsutsa amanena kuti nsomba zimene asodzi amafuna ndi zazikulu, osati tiana.

Madzi nawonso ali ndi mbali yake

M'madzi oyera, kuwala kofiira ndiko kumayamba kuzimirira, pamene kwa buluu kumafika pansi kwambiri. Apa ndi pamene utoto wa fluorescent umathandiza: umatenga kuwala kotsalako n'kukusandutsa mtundu wa lalanje pamalo pamene ulusi wofiira wamba ungaoneke wakuda. Koma m'madzi amatope kapena odetsedwa ndi masamba ovunda, UV amamwedwa msanga pafupi ndi pamwamba. Mumtsinje wotere, cipangizo cobweza UV cimasowa coti cibweze.

Kuno kwathu

Mu Zambia, nyambo za nthenga zimagwiritsidwa nchito makamaka ndi alendo ndi owaperekeza powedza tigerfish mumtsinje wa Zambezi. Mano a nsombayi amang'amba nyambo msanga, conco mutu wolimbitsidwa ndi UV resin umatalikitsa moyo wake. Nyambo imodzi yodziwika pa uwedziwu ndi Clouser Minnow, imene inapangidwa ndi Bob Clouser wa ku Pennsylvania m'ma 1980. Nsomba za trout zimapezeka m'madzi ozizira a m'mapiri, monga ku Nyika ndi ku Zomba m'Malawi ndiponso ku Nyanga mu Zimbabwe, kumene zinabweretsedwa m'nthawi ya atsamunda.

Cenjezo kwa omanga nyambo

Toci ya UV siyenera kuloza m'maso, ndipo ana sayenera kuseweretsa. Guluu wosauma amatulutsa ziwengo pa khungu la anthu ena, conco ndi bwino kuvala magolovesi ndi kugwirira nchito pamalo popita mphepo.

Phindu la guluu ndi la utoto wa fluorescent limaoneka ndi maso, pamene la zipangizo zobweza UV akatswiri sanagwirizanepo. Asodzi odziwa nchito amayamba ayang'ana kukula kwa nyambo, maonekedwe ake, kuya kumene ikufika ndi mmene ikuyendera m'madzi. Za mtundu wa ulusi amaziganizira pambuyo pake.